Mtima unkati tiye, fupa linali lisanakonzeke

Ndinayamba kusambira mopikisana ndili ndi zaka 8, ndinasiya ndili ndi zaka 23. Zaka zonsezo maso anga anali pa mzere wakuda uja wa pansi pa dziwe. Ndinkadzuka kusanache, kulowa m'madzi tulo tili m'maso, kupita kusukulu tsitsi likununkha klorini, madzulo n'kubwereranso. Mipikisano yanga inali ya freestyle, mamita 400 ndi 800, ndipo m'zaka zomalizirazo ndinkasambira makilomita pakati pa 50 ndi 60 pa sabata. Nambala imeneyi muikumbukire, chifukwa ndi imene inadzandivulaza nditatuluka kale m'madzimo.

Pa mpikisano wanga womaliza ndinaperewera ndi sekondi imodzi ndi pang'ono pa nthawi imene inkafunika kuti ndisankhidwe. Ndinagwira khoma, kutembenuka, kuyang'ana bolodi, ndipo ndinangokhala chigwirire chingwe cha mzere mpaka woyang'anira anachita kunditulutsa. Chaka chotsatiracho sindinaponde m'dziwe. Ndinayamba ntchito, koma thupi linkandidzutsabe 4 koloko m'mawa, ine n'kumangoyang'ana kudenga. Palibe amene anandichenjeza kuti ukasiya masewera amene wakula nawo, chimene umasowa kwambiri ndi chifukwa chodzukira.

Mnzanga wina wa kuntchito ndi amene anandikokera ku triathlon, mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana. Anati, "Tiye ukangoyesa iwe, kusambirako n'kwako kale." Unali mpikisano waufupi umene amautcha sprint: kusambira mamita 750, kupalasa njinga makilomita 20, kuthamanga makilomita 5. Njinga ndinabwereka, wetsuit, chovala chothina cha rabala chosambirira m'madzi ozizira, ndinabwerekanso, ndipo ndinaivala koyamba m'mawa wa tsiku lomwelo. Inandipana pachifuwa ndi m'mapewa. Lipenga litalira, anthu tonse tinagwera m'madzi pamodzi, wina n'kundimenya chidendene pamphumi, magalasi n'kulowa madzi. Ine amene ndinakulira m'madzi ndinabanika, mtima uli phaphapha, ndipo kwa kanthawi ndinagona chagada kuti ndipezeko mpweya. Madzi anali obiriwira, pansi osaoneka, mzere wakuda palibe. Nditadzutsa mutu ndinapeza kuti ndalowera kumbali, chizindikiro choyandama chosonyeza njira chili kutali kudzanja lamanzere.

M'dziwe sitiphunzira kudzutsa mutu n'kuona kumene tikupita, sitiphunzira kusambira anthu akukugunda, ndipo sitivala wetsuit. Zitatu zimenezi muziyeserere m'madzi a panja musanapite ku mpikisano, muli ndi anzanu, osati nokha. Mufunsenso za kutentha kwa madzi, chifukwa malamulo amaletsa wetsuit madzi akatentha kupitirira mlingo wina: pa mipikisano yaifupi ya World Triathlon, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, kwa ife osakhala akatswiri ndi madigiri 22, pa mipikisano yaitali ya Ironman ndi 24.5.

Tsiku limenelo ndinatulukabe m'madzi woyamba mwa akazi. Nditangoima, mutu unazungulira, chifukwa thupi linali chigonere ndiye laimirira mwadzidzidzi. Ndinafika pamalo osinthira n'kutsomphola njinga pomwe inakolekedwa, woyang'anira n'kundiimitsa: "Mayi, bwezerani njingayo, mumange kaye lamba wa chisoti." Lamulo limenelo ndinali ndisanalimvepo. Pa njinga anthu ankandidutsa ngati ndaima. Nditatsika kuti ndithamange, miyendo inali ngati ya munthu wina, yolemera, yosamva. Ndinamaliza chapakati pa gulu. Koma usiku umenewo ndinagona tulo tabwino koyamba patatha chaka, ndipo m'mawa mwake ndinali ndi chifukwa chodzukira.

Ndinayamba kuwerenga za osambira amene anasamukira ku triathlon, ndipo nkhani ya Sheila Taormina wa ku America inandigwira mtima. Iye anapata mendulo ya golide pa Olympics ya ku Atlanta mu 1996 pa mpikisano wosambira mopatsirana wa mamita 200 anthu anayi, mu 2000 anali ku Sydney pa mpikisano woyamba wa triathlon m'mbiri ya Olympics, ndipo mu 2004 anakhala katswiri wa dziko lonse. Ndinadziuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chimene sindinafune kuona n'chakuti pakati pa Atlanta ndi Sydney panali zaka zinayi, ndipo mpaka pa ukatswiri wa dziko lonse panali zaka zisanu ndi zitatu. Ine ndinadzipatsa chaka chimodzi kuti ndifike pa mpikisano wa 70.3, wa makilomita 1.9 m'madzi, 90 pa njinga ndi 21.1 wapansi. Ndinalembetsa n'kulipira tsiku lomwelo.

Cholakwa choyamba chinali njinga. Ndinatenga ndalama zonse zimene ndinasunga m'chaka changa choyamba cha ntchito n'kugula njinga ya time trial, ija ya mahandulo otsamirapo zigongono, chifukwa ndi imene ndinkaiona pa zithunzi za akatswiri. Pa njinga yotere manja akakhala potsamira paja amakhala kutali ndi mabuleki, ndipo pokhota ndi yovuta. Magulu ambiri opalasa salola munthu kubwera nayo pagulu. Choncho ndinkapalasa ndekha, ndipo ndinalibe wondiphunzitsa kukhota, kutsetsereka, kapena kusintha magiya phiri lisanayambe. Sabata yoyamba ndinagwa nditaima pamphambano chifukwa nsapato zomata ku mapedulo sizinamasuke. Chishalo ndinachiika pamene ndinaona kuti n'pabwino, bondo lakumanja n'kuyamba kuwawa kutsogolo. Pa mpikisano wanga wachiwiri tayala lakumbuyo linabooka pa kilomita 11. Chubu chapadera ndinali nacho, koma ndinali ndisanasinthepo ndi manja anga, ndipo malamulo salola kuti munthu wa m'mbali mwa msewu akuthandize. Ndinakhala pansi tayala lili pamiyendo mpaka galimoto yotola otsalira inabwera.

Ndikanadziwa, ndikanagula njinga wamba ya pamsewu yogwiritsidwapo kale ntchito, ndalama zina n'kulipira munthu wodziwa kuyeza njinga kuti igwirizane ndi thupi langa, n'kukhala madzulo awiri pakhomo ndikuchotsa ndi kubwezera tayala mpaka manja azolowere. Koma za njinga zinangondidyera ndalama ndi ulemu. Chimene chinandigwetsa kwenikweni ndi kuthamanga.

Ndinathamanga monga momwe ndinkasambirira. M'mutu mwanga makilomita 50 pa sabata inali nambala yabwinobwino, popeza m'madzi ndinkapitirira pamenepo. M'miyezi iwiri ndinachoka pa munthu wosathamanga n'komwe kufika pa makilomita 50 pa sabata, masiku asanu ndi limodzi, nthawi zambiri pa tala. Ndipo apa ndi pamene pali msampha wa munthu wochokera ku kusambira: sindinkatopa. Anthu ena akayamba kuthamanga, wefuwefu amawaimitsa miyendo isanavulale. Ine mapapo ndi mtima zinali zophunzitsidwa zaka 15. Ndinkatha ola lathunthu ndikupuma bwinobwino, n'kumaganiza kuti thupi lonse likugwirizana nazo.

Zimene anadzandifotokozera pambuyo pake ndi izi. M'madzi thupi limayandama, mafupa a miyendo sagundidwa. Fupa limalimba chifukwa chogundidwa ndi kusenza, n'chifukwa chake osambira kawirikawiri sakhala ndi mafupa olimba ngati a osewera masewera odumpha ndi kuthamanga. Pothamanga, phazi likatera pansi mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo izi zimachitika kambirimbiri pa kilomita iliyonse. Fupa likayamba kulandira katundu watsopano, thupi limayamba lagumula mbali zotopa kenako n'kumanga zatsopano, ndiye pakatipo pamakhala nyengo imene fupalo limakhala lofooka kuposa poyamba. Mtima umazolowera m'masabata, fupa ndi mitsempha yolumikiza minofu zimafuna miyezi. Kuwonjezera apo, akakolo a wosambira ndi omasuka kwambiri, zomwe n'zabwino pomenya madzi, koma akatumba a kumiyendo amakhala asanaphunzire kugwira thupi likamatera.

Panalinso china chimene dziwe linandiphunzitsa. M'madzi ululu umatha seti, gawo limodzi la zoyeserera, ikatha. Mapewa amayaka, mapapo amayaka, ukagwira khoma n'kupuma masekondi 20 zonse zimazilala. Ndinakula ndikudziwa kuti ululu ndi chinthu chongodutsamo, ndipo amene amadandaula ndi waulesi. Maganizo amenewo ndinapita nawo pamsewu.

Nkhani ya chakudya ndimachita nayo manyazi mpaka lero, koma ndiinena chifukwa ndi imene inakulitsa zonse. Pamzere woyambira ndinkayang'ana akazi othamanga bwino, owonda, opepuka, ine ndili ndi mapewa otambalala a wosambira. Ndinaganiza kuti ndikachepetsa thupi ndithamanga msanga. Ndinayamba kudya mochepa pamene ndinkachita masewera maola 15 kapena kuposa pa sabata. Poyamba nthawi zanga zinatsikadi, ndipo anthu ankandiyamikira. Kenako ndinayamba kumva kuzizira ngakhale kukutentha, kupsa mtima ndi zazing'ono, chimfine chosatha, tulo tosagwira. Msambo unasiya. Ndinangoti zandipeputsira, sindinauze munthu. Inakwana miyezi isanu.

Ululu unayamba m'mwezi wachitatu, mkati mwa msongolo wakumanzere. Poyamba unali wofalikira, unkabwera ndikangoyamba kuthamanga n'kuzilala thupi likatenthedwa. Ndinagula nsapato zina. Ndinkaika ayezi. Kenako ndinayamba kumwa ibuprofen ndisananyamuke. Patapita masabata ochepa ululuwo unasonkhana pamalo amodzi, poti chala chimodzi chikhoza kuphimba, ndipo sunkazilalanso ndikamathamanga, unkakula. Unayamba kundipeza pokwera masitepe. Usiku wina unandidzutsa ndili chigonere. Chonde, amene mukuwerenga: ululu wa pafupa umene mungauloze ndi chala chimodzi, umene ukukula mukamathamanga, kapena umene mukuumva mukungoyenda kapena mutagona, siyani kuthamanga tsiku lomwelo mukaonane ndi dokotala. Mapiritsi opha ululu amangotseka pakamwa mboni yokhayo imene muli nayo.

Ine ndinapita ku mpikisano wa mtunda wa Olympics, makilomita 1.5, 40 ndi 10, ngati kukonzekera 70.3 ija. M'madzi ndinatuluka pa mphindi 19 ndi masekondi angapo, ndili patsogolo. Pa njinga ndinalandira chilango cha nthawi chifukwa ndinayandikira kwambiri amene anali patsogolo panga, pomwe lamulo pa mipikisano yoletsa kubisala kumbuyo kwa mnzako linkafuna mpata wa mamita 10. Ndinatsika njinga nditakwiya, n'kuyamba kuthamanga mwaliwiro kuti ndibweze nthawiyo. Pa kilomita 6 ndinamva ngati wina wandibaya ndi msomali pamsongolo. Phazi likatera, maso ankachita mdima. Ndinayenda motsimphina makilomita anayi otsalawo. Anthu m'mbali ankaomba m'manja n'kumati ndalimba mtima, ine n'kumanyadira. Makilomita anayi amenewo sindinayenera kuwayenda.

Kuchipatala choyamba anandijambula X-ray, sinaonetse kanthu. Anati ndi kutupa kwa minofu ya pamsongolo, ndipume masabata awiri. Ndinapuma masiku khumi, ululu n'kuchepa, n'kuyambiranso. Ndinathamanga masabata ena atatu pa fupa long'aluka. Sindinkadziwa kuti mng'alu wotere kawirikawiri suoneka pa X-ray m'masabata oyambirira, ndipo sindinauze dokotala uja zoona zonse za makilomita amene ndinkathamanga, poopa kuti andiletsa.

Tsiku lina ndinalephera kutsika basi popanda kugwirira, ndipo ndi pamene ndinapita kwa dokotala wa za masewera. Anali mayi wachikulire. Anayendetsa chala chachikulu pang'onopang'ono kutsika m'mbali mwa msongolo, atafika pamalo paja ndinakuwa. Anandiuza kuti ndidumphe ndi mwendo umodzi. Sindinathe ngakhale kamodzi. Anakhala pansi, kundiyang'ana, n'kufunsa funso limene sindinkaliyembekezera: "Achemwali, msambo munaona liti komaliza?" Ndinayankha kuti sizikukhudzana ndi mwendo. Iwo anati, "Zikukhudzana kwambiri. Tandiuzani." Nditawauza, ndinayamba kulira, osadziwa kuti ndikulirira chiyani.

Makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI anaonetsa mng'alu wa fupa wobwera chifukwa chogundidwa mobwerezabwereza, umene madokotala amati stress fracture. Adokotala anati mwayi wanga unali woti unali chakumbuyo mkati mwa msongolo, komwe kumapola bwino. Ukakhala kutsogolo kwenikweni kwa fupalo, kapena pakhosi la fupa la ntchafu m'chiuno, umavuta kupola ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni. Ananditumizanso kukayezetsa kulimba kwa mafupa ndi makina a DXA, ndipo zotsatira zinali zotsika poyerekeza ndi msinkhu wanga. Anandifotokozera za RED-S, dzina limene International Olympic Committee inayamba kugwiritsa ntchito mu 2014 ponena za vuto limene limadza wosewera akamadya zochepa poyerekeza ndi mphamvu zimene akuwononga. Thupi limayamba kuzimitsa ntchito zina kuti lipulumuke. Kwa mkazi msambo umasokonezeka, mahomoni oteteza mafupa amatsika, fupa n'kumafooka. Amuna nawonso limawagwira, kungoti iwo alibe chizindikiro choonekeratu ngati chathuchi.

Mtengo wake unali uwu. Masabata asanu ndi limodzi ndikuyendera ndodo. Masabata 14 osathamanga n'komwe. Ndalama za MRI, za DXA, za dokotala, za wa physiotherapy, wothandiza ziwalo zovulala kuti zichire, ndi za katswiri wa zakudya, zomwe pamodzi zinafika pafupi ndi zimene ndinagulira njinga. Ndalama zolembetsera 70.3 zinapita, chifukwa nthawi yobwezera inali itadutsa, komanso za malo ogona amene ndinalipiriratu. Njinga ya time trial ndinaigulitsa motchipa kuti ndilipire zachipatala. Tsiku la mpikisanowo ndinazimitsa foni n'kukhala m'nyumba makatani ali otseka.

Patatha masabata awiri anandilola kulowa m'dziwe, miyendo nditapanira choyandamitsa, osadzikankha pakhoma ndi mwendo wovulalawo. Apa ndinatsala pang'ono kudziwononganso. Dziwe linali kwathu, malo okhawo amene ndinali ndidakali munthu wodziwa. Posakhalitsa ndinali kusambira makilomita 6 tsiku lililonse, n'kumadziuza kuti ndikusunga mphamvu. Katswiri wa zakudya uja ataona buku langa la masewera anati, "Fupa lanu likufuna chakudya kuti lipole, inu mukuchiwotchera m'madzi." Anandidula kufika pa maulendo atatu pa sabata, mphindi 40 zokha, n'kundiwonjezera chakudya, makamaka ndisanayambe ndi ndikangomaliza masewera. Thupi linabwerera, zovala zina zinayamba kundithina, ndipo masabata ena ndinkapewa galasi. Msambo unabwerera patatha miyezi pafupifupi isanu. Tsiku limenelo ndinaimbira adokotala aja, ndipo anasangalala kuposa momwe anachitira ataona kuti fupa lapola.

M'nyengo imeneyo ndinkatsatira nkhani ya Lucy Charles-Barclay wa ku Britain, amenenso anachokera ku kusambira. Mu 2022 anapezeka ndi mng'alu wa fupa m'chiuno, chaka chomwecho anabwerera n'kukhala wachiwiri pa mpikisano wa dziko lonse wa Ironman ku Kona, ku Hawaii, kachinayi kukhala wachiwiri, ndipo mu 2023 anapambana. Zinandilimbitsa mtima kuona kuti ngakhale wa pamwamba chotero fupa linamugwira. Koma ulendo uno ndinakumbukira kuti kwa iye masewerawa ndi ntchito yake, ali ndi anthu omusamalira tsiku ndi tsiku, ndipo kalendala yake si yanga.

Wa physiotherapy ndi amene anandilozera kwa mphunzitsi wina, bambo wachikulire amene anathamangapo mitunda italiitali pa unyamata wawo. Tsiku loyamba anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwana wanga, m'madzi ndilibe chokuphunzitsa. Pamsewu ndiwe khanda, ndipo tikulera ngati khanda. Ukavomera zimenezo tiyambe." Anatenga pepala n'kulemba masamu a 70.3. Ine kusambira mphindi 27, munthu wamba wokonzekera bwino mwina 35. Njinga pafupifupi maola atatu. Kuthamanga pafupifupi maola awiri. Anazunguliza mphindi zisanu ndi zitatu zija n'kunena kuti, "Chuma chako chonse ndi ichi, pa mpikisano wa maola asanu ndi theka. Ndiye n'chifukwa chiyani theka la sabata yako ukulithera m'madzi?" Ndinati, "Aphunzitsi, ndikachepetsa ndiiwala." Anaseka pang'ono n'kuti zaka 15 siziiwalika ndi miyezi. Ananena zoona. Ndimasambira kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo pa mamita 1,500 ndinangotaya masekondi ochepa.

Kuthamanga tinayamba ndi mphindi imodzi kuthamanga, mphindi ziwiri kuyenda, kwa mphindi 20, katatu pa sabata, osati masiku otsatizana, pa udzu kapena pa dothi. Anandiletsa kuyang'ana liwiro pa wotchi. Lamulo linali lakuti ndizitha kulankhula chiganizo chathunthu ndikuthamanga, ndipo ndizimaliza ndikufunabe zina. Zinali zowawa mumtima kuposa seti iliyonse imene ndinasambirapo. Mapapo ankandiuza kuti sindinachite kanthu, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndili ndi mphamvu zosowa kozitaya. Sabata yachinayi iliyonse tinkachepetsa. Kawiri pa sabata ndinkanyamula zitsulo, kunyonyomala ndi katundu, kukwera ndi zala za kuphazi pa sitepe ndi mwendo umodzi, ndipo patapita miyezi tinawonjezera kudumphadumpha pang'ono. Mphamvu zotsalazo anazipititsa ku njinga, kumene mtima wa wosambira umapindula popanda kugunda mafupa. Ndinagula njinga wamba yakale, kuiyezetsa, bondo n'kusiya kuwawa. Ndinalowa gulu la opalasa, ndipo ndi kumene ndinaphunzira kukhota, kumwa madzi ndikupalasa, ndi kuzunguza mapedulo mopepuka, pafupifupi ka 90 pa mphindi, m'malo mokankha giya yolemera imene inkandiphera miyendo ndisanayambe kuthamanga. Kamodzi pa sabata ndikatsika njinga ndinkathamanga mphindi khumi zokha, zimene amati brick, kuti miyendo izolowere kusintha kuja.

M'mwezi wachinayi mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene unayamba kuuma m'mawa. Ndinaima m'khitchini foni ili m'manja kwa nthawi yaitali. Mawu akale aja ankati n'zazing'ono, usaoneke wodandaula. Ndinaimba. Aphunzitsi anati tisiye kuthamanga sabata imodzi, tione wa physiotherapy, tibwerere m'mbuyo masabata awiri pa ndondomeko. Patatha masiku khumi zinatha. Ndikayang'ana ulendo wonsewu, foni imeneyo ndi pamene zinthu zinatembenukira, chifukwa kanali koyamba m'moyo wanga kunena za ululu usanandigwetse.

Ndinafika pa 70.3 patatha zaka ziwiri kuchokera pa tsiku limene ndinayenera kuichita poyamba. Wetsuit inali yanga, yoti ndasambira nayo kangapo, khosi nditapaka mafuta kuti isandinyule. M'madzi sindinalimbane ndi kutsogola. Ndinakhala kumapazi kwa mwamuna wina wosambira bwino, zomwe m'madzi n'zololedwa, n'kumadzutsa mutu pakapita mikono ingapo kuona chizindikiro. Ndinatuluka ndikupuma bwino. Chisoti kaye, njinga pambuyo. Wotchi ndinaitchera kuti izilira mphindi 20 zilizonse kundikumbutsa kudya ndi kumwa, pafupifupi magalamu 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola, monga ndinayeserera kambirimbiri kuti m'mimba muzolowere. Chatsopano chilichonse pa tsiku la mpikisano ndinachikana. Anthu anandidutsa pa njinga, ena ndinawadutsa, ndipo mpata wa mamita 12 umene unkafunika pa mpikisano umenewu ndinausunga.

Makilomita khumi oyamba a kuthamanga ndinadzigwira, ngakhale mtima unkandikoka. Dzuwa linakula. Pa kilomita 15 ntchafu zinayamba kukokana, ndipo pamalo aliwonse omwera madzi ndinkayenda masitepe angapo. Nthawi yonseyo khutu langa linali pa msongolo wakumanzere, kumvetsera ngati msomali uja ubwerere. Sunabwere. Ululu umene unalipo unali wofalikira, wa minofu yotopa, mtundu umene tsopano ndimausiyanitsa ndi winawo. Ndinamaliza pa maola 5 ndi mphindi 41, kutali ndi opambana. Aphunzitsi anali kuseri kwa mpanda. Funso lawo loyamba silinali la nthawi. Anati, "Mwendo uli bwanji?" Ndinati uli bwino, n'kuwagwira dzanja, misozi ikutsika.

Pano ndimathamanga makilomita pakati pa 30 ndi 35 pa sabata, masiku anayi. DXA yachiwiri inaonetsa kuti mafupa akweza pang'ono, koma adokotala anandiuza poyera kuti zimene zinatayika zimabwerera mochedwa ndipo mwina sizingabwerere zonse. M'buku langa la masewera muli mizere imene kale munalibe: maola a tulo, zimene ndadya ndisananyamuke, ndi tsiku la msambo. Madzulo aliwonse ndikathamanga ndimakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyendetsa chala chachikulu kutsika m'mbali mwa msongolo, monga anachitira adokotala aja, mwendo wakumanzere kenako wakumanja. Pamalo paja pali kachotupa kakang'ono kolimba pomwe fupa linalumikizana. Sipawawa. Sabata yamawa ndi yachinayi, ndiye makilomita atsika kufika pa 24.